Sikolashipu za mabungwe a zakuthambo: Mmalawi wofuna uinjiniya alowera khomo liti?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'magulu a WhatsApp a makolo ndi a kutchalitchi kuno ku Lilongwe simuchedwa kugwa uthenga woti NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, ikufuna ana a mu Africa oti iwalipirire maphunziro a uinjiniya, ndipo ofuna atumize msanga ndalama ya fomu pa nambala yakutiyakuti. Musatumize olo tambala. NASA sitola ana a Fomu 4 a mayiko ena n'kuwalipirira digiri, ndipo palibe bungwe loona la zakuthambo lomwe limalandirira ndalama pa foni ya munthu. Bodzali limakola anthu chifukwa lili ndi kachoonadi pang'ono. Mabungwe amenewa amalipiriradi ophunzira, ndipo Mmalawi akhoza kudya nawo. Kungoti ndalamazo zili ndi njira zake zodzera, ndipo zambiri sizidzera kumene anthu amayang'ana.

Bungwe la zakuthambo ndi nthambi ya boma. Limayendera misonkho ya eni dziko, choncho limayamba ladyetsa ana a pakhomo. Ku America, ndondomeko ya Space Grant yomwe NASA inayamba mu 1989 imapereka ndalama kudzera m'mayunivesite a m'zigawo zonse za dzikolo, koma wolandira amayenera kukhala nzika. Ku Ulaya, malo ophunzirira ntchito ku ESA, bungwe la zakuthambo la kumeneko, ndi a nzika za mayiko omwe amasonkha ku bungwelo. SANSA ya ku South Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010, ili ndi mabasale a digiri yachiwiri ndi yachitatu, koma oyamba kuganiziridwa ndi ana a dzikolo. Palinso chifukwa cha chitetezo. Luso loulutsira roketi yonyamula setilaiti ndi lomwelo loulutsira mzinga wa nkhondo, ndiye malamulo a ku America otchedwa ITAR amaletsa kuonetsa mlendo zida ndi zojambula zina, ngakhale akhale wophunzira wa pa yunivesite yomweyo. Mabasale okhudzana ndi telesikopu ya SKA, omwe anakweza anzathu ambiri oyandikana nafe, anakonzedwera South Africa ndi mayiko 8 ogwirizana nayo: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Malawi mulibe. Kuli bwino kudziwiratu kusiyana n'kutha mabandulo pa fomu yomwe idzatayidwe pa funso la unzika.

Makomo otseguka kwa ife ndi aja anamangidwira dala mayiko omwe angoyamba kumene, ndipo ambiri amadzera ku UNOOSA, ofesi ya United Nations yoona za mlengalenga, yomwe ili ku Vienna. Lomwe ndimaliona lofunika kwambiri kwa injiniya ndi la ku Japan, lotchedwa PNST. Linayamba mu 2013, ndipo maphunziro amachitikira ku Kyushu Institute of Technology, imene anthu amangoti Kyutech, mu mzinda wa Kitakyushu. Amaphunzitsa m'Chingerezi. Masitazi ndi zaka 2, udokotala zaka 3. Ndalama zake n'za boma la Japan, zodzera ku unduna wa zamaphunziro wotchedwa MEXT: fizi palibe, tikiti ya ndege amagula okha, ndipo pamwezi wophunzira amalandira mayeni pafupifupi 144,000. Wofunsira asafike zaka 35. Malo ake ndi ochepa zedi, nthawi zambiri atatu a masitazi ndi atatu a udokotala pachaka, dziko lonse lapansi likulimbirana. Chimene chimasiyanitsa Kyutech ndi masukulu ena n'chakuti wophunzira amagwira setilaiti yeniyeni ndi manja kuyambira pa pepala mpaka itauluka. Kumeneko n'kumene kunapangidwira GhanaSat-1 ya Ghana, yomwe inaulutsidwa mu 2017, komanso ZimSat-1 ya Zimbabwe ndi PearlAfricaSat-1 ya Uganda, zomwe zinakwera mu Novembala 2022 pansi pa ndondomeko ya BIRDS.

India ili ndi khomo lalifupi. Bungwe lawo la ISRO linayamba UNNATI mu Januwale 2019, maphunziro a masabata 8 ku Bengaluru ophunzitsa kulumikiza ndi kuyesa timasetilaiti. Kumeneko sankafuna munthu wobwera yekha: dziko linkasankha anthu awiri, wina wa makina, wina wa zamagetsi. Palinso maphunziro afupiafupi a ITEC, ndondomeko ya boma la India, ena ochitikira ku Dehradun okhudza kuwerenga zithunzi za setilaiti, omwe mafomu ake amadzera ku ofesi ya kazembe wa India mumzinda muno. Ku Nigeria, pa Obafemi Awolowo University ku Ile-Ife, pali likulu logwirizana ndi United Nations la mayiko olankhula Chingerezi lomwe linatsegulidwa mu 1998, ndipo limapereka dipuloma ya miyezi 9 kwa omwe ali kale ndi digiri. Beihang University ya ku Beijing nayo ili ndi masitazi a zakuthambo ophunzitsidwa m'Chingerezi. KiboCUBE ya UNOOSA ndi bungwe la zakuthambo la Japan la JAXA si sikolashipu ya munthu ayi, ndi mwayi woti yunivesite kapena nthambi ya boma iponyeredwe kasetilaiti kake osalipira kuchokera pa International Space Station, siteshoni ya kafukufuku yomwe imazungulira dziko kuthambo. University of Nairobi inayamba kupindula nayo mu 2018, Mauritius n'kutsatira mu 2021. African Space Agency inatsegulidwa ku Cairo mu Epulo 2025, ndipo ndi yoti tiziyang'anako maso.

Makomo onsewa akufanana chinthu chimodzi: palibe lotenga munthu wa MSCE. Onse akufuna digiri yoyamba. Ndiye mwana wa ku Bwaila kapena ku Chipasula yemwe akulota za masetilaiti, nkhondo yake yoyamba ndi ya makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndi kukhoza mwamphamvu masamu, fizikisi ndi kemisitiri, kenako kusankhidwa kudzera ku NCHE. Ndalama za digiri yoyambayo n'za makolo, za ngongole ya HESLGB, kapena za mabasale a m'dziko muno. Posankha maphunziro, musatengeke ndi dzina lomveka. Pa setilaiti, ntchito yambiri ndi ya zamagetsi, ya mawailesi ndi ya mapulogalamu a kompyuta. Wa electronics ndi telecommunication ku MUBAS, wa fizikisi ku UNIMA, wa makina, kapena wa zoona dziko kudzera m'zithunzi za setilaiti ku MUST, onsewa ali pa msewu woyenera. Wa uinjiniya wa ulimi ndi ulimi wothirira ku Bunda asadzichotse yekha, pakuti amene amadziwa funso loti setilaiti iyankhe ndi wosowa kuposa amene amadziwa kumanga bokosi lake. Zaka za sukulu sizivuta: MEXT imafuna zaka 16, ndipo zathu za pulayimale 8, za sekondale 4 ndi za digiri 4 kapena 5 zimakwana.

Pomwe ambiri amagwera osadziwa ndi pa magiredi. MEXT ili ndi kawerengedwe kakekake kofika pa 3.00, ndipo wolowera kudzera ku yunivesite amafunika 2.30 kapena kuposa. Pa tebulo lawo la malikisi, 80 mpaka 100 ndi mapointi 3, 70 mpaka 79 ndi 2, 60 mpaka 69 ndi 1, ndipo pansi pa 60 ndi ziro. Pointi iliyonse amaichulukitsa ndi kulemera kwa kosiyo, n'kugawa ndi kulemera kwa makosi onse. Vuto lili apa: kuno munthu wopeza 75 pa uinjiniya ndi katswiri wa kalasi, koma mlendo wowerenga manambala okhaokha amupatsa 2, n'kukhala pansi pa mzere. Tebulo lomwelo lili ndi mbali ya zilembo, A, B, C, yomwe imamuchitira chilungamo. Choncho potenga transcript, uzani a ku ofesi ya registrar kuti aphatikize pepala lofotokoza kagiredidwe ka yunivesiteyo, lodindidwa, ndipo ngati n'kotheka kalata yonena kuti munali wachingati m'kalasi. Pepala limodzi limeneli limapulumutsa fomu yonse. Ndipo izi zikutanthauza kuti chaka chachiwiri ndi chachitatu, zaka zija anthu amati bola kungodutsa, n'zimene zimadzakutsekerani khomo patsogolo.

Magiredi amangokufikitsani pa tebulo la osankha. Chokusiyanitsani ndi anzanu ndi chinthu chomwe munapanga chikugwira ntchito. Sipafunika labu yodula. Kachipangizo kotchedwa RTL-SDR, kolowetsa pa USB ya laputopu, kamasandutsa kompyuta kukhala wailesi yomva masetilaiti. Eriyo yake mumapanga nokha ndi ndodo ziwiri za kopa kapena za aluminiyamu, iliyonse yotalika pafupifupi masentimita 53, zotsegulidwa ngati V pa madigiri 120, zogonekedwa chopingasa kuloza kumpoto kapena kumwera, n'kulumikiza ndi waya wa coax wa ma ohm 50. Ndi pulogalamu yaulere ya SatDump mumalandira zithunzi za mitambo kuchokera ku masetilaiti a Russia a Meteor-M pa 137 MHz, akamadutsa m'mawa ndi madzulo kwa mphindi 10 kapena 15. Malangizo akale a pa intaneti amatchula NOAA 15, 18 ndi 19, koma amenewo anazimitsidwa mu 2025, ndiye musataye sabata mukuganiza kuti mwalumikiza molakwa. Zolepheretsa n'zodziwika. Mawailesi a FM a pakati pa 88 ndi 108 MHz ndi amphamvu mumzinda muno moti amagonthetsa kachipangizoko, ndipo mankhwala ake ndi kasefa kotsekereza FM kapena kutsitsa gain, mphamvu yokuzira siginolo. Tchaja ya laputopu ndi inveta zimabweretsa phokoso, choncho zulani tchaja, mugwiritse batire, mutalikirane ndi nyumba. Waya akatalika kwambiri amadya siginolo. Makoma a mipanda ndi mitengo ya mango zimabisa setilaiti ikakhala m'munsi, ndiye bwalo la mpira la sukulu limaposa kuseri kwa nyumba ku Area 25. Kumvera kokha n'kosavuta, koma tsiku lomwe mudzafune kutumiza siginolo, pafunika laisensi ya MACRA.

Wokonda mapulogalamu ali ndi njira yotchipa koposa. QGIS, pulogalamu yopangira mapu ndi kuwerengera zithunzi za setilaiti, ndi yaulere. Zithunzi za masetilaiti a Sentinel-2 n'zaulere, kadontho kalikonse kakuyimira mamita 10 pansi, ndipo malo omwewo amajambulidwanso pakatha masiku 5. Za Landsat n'za mamita 30 koma zimabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndiye mukhoza kuyeza mmene nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera madzi a mtsinje wa Lilongwe, yacheperachepera, kapena mmene nyanja ya Chilwa imaphwera ndi kudzala. Cholakwika chofala ndi kuyerekeza chithunzi cha Epulo ndi cha Okutobala n'kulengeza kuti mitengo yatha, pamene yangoyoyola masamba. Yerekezani miyezi yofanana. M'dzinja mitambo imaphimba zonse, ndipo wofuna kuona madzi osefukira ngati a namondwe Freddy a mu Malichi 2023 amagwiritsa ntchito Sentinel-1, ya radar, yomwe imaboola mitambo. NASA yomwe ija ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti a ARSET ndi mpikisano wa Space Apps, ndipo ziwirizi sizifunsa unzika. Amene anadutsa ku African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF inatsegula ku Lilongwe mu Januwale 2020, alembe zimenezo poonekera, chifukwa kuyendetsa drone, kusamala batire ndi kulumikiza zithunzi ndi maluso oyandikana kwambiri ndi a setilaiti. Chilichonse mwapanga, chijambuleni, lembani manambala omwe munayeza, lembaninso chomwe chinakanika ndi mmene munachikonzera.

Tifike pa kalata yofotokoza cholinga ndi dongosolo la kafukufuku. Osankha anatopa ndi makalata oyamba ndi mwana woyang'ana nyenyezi pa mphasa usiku. Akufuna kuona ngati mukudziwa kuti kasetilaiti n'kotani ndipo mukufuna kugwira chiwalo chiti. CubeSat ya 1U ndi bokosi la masentimita 10 mbali zonse, lolemera pang'ono kuposa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Mkatimo muli fulemu ya aluminiyamu, gawo la magetsi lokhala ndi masola ndi mabatire a lithium, kakompyuta kolamulira, wailesi yomwe nthawi zambiri imalankhula pa 435 mpaka 438 MHz, makoyilo okankhana ndi maginito a dziko kuti bokosi lisiye kugubuduzika, ndi katundu weniweni, kaya kamera kaya sensa. Magetsi onse ndi watt imodzi kapena ziwiri. Ikaponyedwa kuchokera pa International Space Station, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, ndipo mwa zimenezo mphindi zoposa 30 imakhala mumdima ikudya batire. Pamwamba pa Lilongwe imaoneka kangapo kokha patsiku, ulendo uliwonse mphindi zosaposa 10. Pa liwiro la ma bit 9,600 pa sekondi, mphindi 10 zimatsitsa makilobaiti 720 basi, ndipo m'choonadi n'zocheperapo, moti chithunzi chimodzi cha pa foni chingafune maulendo angapo. Frequency nayo imasuntha ndi makilohertz pafupifupi 10 setilaiti ikamayandikira ndi kutalikira, ndiye wailesi ya pansi iyenera kuitsatira.

Masamu amenewa ndi omwe amaonetsa dongosolo lakupsa ndi losakhwima. Wolemba kuti adzapanga CubeSat yochenjeza anthu a m'mbali mwa Lingadzi madzi akamasefukira wadziulula kuti sanawerengere, pakuti mtsinje sudikira maola 8 kuti setilaiti ibwerenso. Koma wolemba kuti adzaika timasensa toyeza madzi pa mijigo kapena m'madamu a kumalo kopanda netiweki, totumiza mabaiti ochepa kamodzi patsiku kuti setilaiti iwasunge n'kudzawatsitsa pa siteshoni, ameneyo wafunsa funso lokwana m'bokosimo. Dziwaninso zomwe zimapha timasetilaiti. Zambiri sizifa ndi zinthu zozama ayi. Eriyo imakulungidwa n'kumangidwa ndi ulusi wa mbedza, ndipo pakatha mphindi 30 chiponyedwereni kawaya kotentha kamayenera kuudula. Batire ikakhala yozizira kapena yofooka, ulusi suduka, eriyo situluka, setilaiti imazungulira yamoyo koma yosamveka. Zina zimafa chifukwa kolumikizira kanamasuka ndi kugwedezeka kwa roketi, kapena pulogalamu inaima popanda chodzutsa. N'chifukwa chake ku Kyutech nthawi yambiri imathera pa makina ogwedeza ndi m'thanki yopanda mpweya yotenthetsa ndi kuziziritsa. Wofunsira wonena kuti akufuna kuphunzira kuyesa amamveka wodziwa kuposa wonena kuti akufuna kupita kumwezi. Musanalembe, werengani zomwe mphunzitsi amene mukumufuna wasindikiza posachedwa, n'kulumikiza funso lanu ndi ntchito yake.

Mapepala ndi otopetsa koma ndi omwe amagwetsa anthu okhoza. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa satifiketi ya MSCE, pa digiri, pa chitupa cha unzika ndi pa pasipoti. Chilembo chimodzi chikasiyana, kapena tsiku lobadwa likasemphana, konzani kapena pezani kalata yolumbira kwa loya miyezi isanathe. Transcript imatenga masabata, makamaka mayeso akayandikira. Makalata ochitira umboni apempheni mwezi wathunthu nthawi isanakwane, mupereke CV ndi dongosolo lanu kwa olembawo kuti asalembe mawu atatu ongoti ndi mwana wabwino, ndipo onani ngati akufuna ya mphunzitsi wamba kapena ya mkulu wa fakote. Pa Chingerezi, ena amalandira kalata ya yunivesite yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi, ena amafuna mayeso a IELTS kapena TOEFL, omwe zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Chilengezo cha PNST chimatuluka kumapeto kwa chaka, kutseka kumayambiriro kwa chaka chotsatira, sukulu n'kuyamba mu Okutobala. MEXT yodzera ku ofesi ya kazembe wa Japan imalengezedwa cha m'ma Epulo ndi Meyi. Samalani ndi nthawi: Japan ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndiye fomu yotseka 23:59 kumeneko, kuno yatseka 16:59. Tumizani kutatsala masiku atatu. Tsiku la intaviyu ya pa intaneti, khalani ndi laputopu yodzaza, mizere iwiri ya foni ndi malo achiwiri othawirako magetsi akazima.

Kupambana sikuthetsa nkhani ya ndalama. Ya pamwezi yoyamba imafika patatha mwezi kapena kuposa, ndipo MEXT yeniyeniyo imalangiza kunyamula madola pafupifupi 2,000 oyambira. Ndi mmene ndalama zakunja zimavutira kubanki masiku ano, yambani kufunsira tsiku lomwe kalata yafika. Wogwira ntchito m'boma adzere ku dipatimenti yoona za antchito a boma ku Capital Hill kuti apeze tchuthi cha maphunziro, ndipo awerenge bwino pangano lobwerera kudzagwira ntchito asanasaine.

Kubwererako osankha amakutenga mozama, chifukwa cholinga cha ndalamazi n'chakuti luso lifike kudziko lomwe lilibe. Wofunsira yemwe ali ndi kalata ya yunivesite, ya NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi ukadaulo), ya dipatimenti ya Surveys kapena ya zanyengo yonena kuti tikumudikira ndipo adzagwira ntchito yakuti, amaima pabwino kuposa katswiri wosadziwika komwe adzafikire. Ndinene mosabisa kuti ntchito zolembedwa kuti injiniya wa setilaiti n'zosowa kuno. Obwerera amalowa kuphunzitsa, kumakampani a mafoni ndi intaneti, ku MACRA, ku zamapu, ku zanyengo, ku DoDMA, ndipo luso la mawailesi, mabatire ndi masola limagulika kulikonse. Uganda ndi Zimbabwe sizinadikire mwayi wa munthu mmodzimmodzi: maboma awo anachita pangano ndi Kyutech n'kutumiza mainjiniya awo ngati gulu, ndipo ndikuona kuti njira imeneyo ndi yomwe ingatifulumizitse.

Yunivesite yofuna kukonzekera anthu oterewa iyambe ndi siteshoni ya pansi, osati setilaiti. Pamafunika ma eriyo a Yagi a VHF ndi UHF, mota yowatembenuza mbali ziwiri, yopingasa ndi yokweza, wailesi kapena SDR, kompyuta yotsatira njira za masetilaiti, batire ndi sola zoti magetsi akazima ntchito isaime, ndi waya wapansi wabwino chifukwa mphenzi za Disembala sizisiya mlongoti wa padenga. Siteshoni yotere ikalumikizidwa ku SatNOGS, netiweki ya masiteshoni a pansi a padziko lonse, imayamba kulandira masetilaiti a mayiko ena sabata yomweyo, ndipo ophunzira a chaka chachinayi amapeza mapulojekiti okhala ndi manambala enieni. Chilolezo cha frequency ya setilaiti chimadzera ku MACRA kupita ku ITU, nthambi ya United Nations yoona za mafunde a mawailesi, ku Geneva, ndipo chimatha kutenga chaka kapena kuposa, choncho makalata ake amayambidwa bokosi lisanadulidwe n'komwe.